Chitseko cha Pansi pa Khutu

Ndimasoka pakhonde la sitolo ku Kapata,
makina opalasa ndi mwendo, mpando wopanda chotsamira,
mapini asanu nditaluma
kuyambira m'mawa mpaka a tomato atalongedza.
Zaka khumi ndi zinayi mano anga akhala dzanja lachitatu.
Ulusi ndimadula ndi iwo,
tepi yoyezera ndimagwira ndi iwo,
ndipo kasitomala akabweza diresi ndi mwano
yankho langa ndimalitsekera kuseri kwa iwo omwewo.

Zinayamba ngati masewera.
Ndikayasamula, tha! pansi pa khutu lamanzere,
ngati chitseko chotupa ndi mvula.
Zelipa mwana wanga ankaseka: Amama, chitaninso.
Ndinkachitanso.

Tsiku la ukwati wa kwa a Mbewe,
nditachezera madiresi asanu ndi atatu a operekeza,
ndinagula chimanga chootcha pamsewu.
Ndikuti ndilume, nsagwada inakana.
Zala ziwiri sizinalowe pakati pa mano.
Ndinaima pomwepo, chimanga chikuzizira m'manja,
ngati munthu wofika pakhomo pake atataya kiyi.

Ululu wake sukhazikika.
Umakwera m'litsipa, umalira m'khutu ngati udzudzu,
madzulo umatsika ndi khosi kukagona paphewa.
Ena anati ndi dzino, kazule.
Ena anati wakuponyera mnzako wapamsika,
makina ako achita kuyenda kwambiri.
Mlamu wanga anabwera ndi muzu wowawa
woti ndizitafuna.
Kutafuna!

Anaulula ndi bambo a Zelipa:
Iwe usiku umagaya.
Ndimadzuka kuyesa khoswe walowa m'thumba la mtedza,
koma ndi mano ako.
Ndinakhala chete, ndikuwerenga zomwe ndimagaya:
lendi ya ku Navutika,
nsapato za sukulu,
nsalu zangongole zimene ndinaolotsa pa Mwami.

Kuchipatala chachikulu, mtsikana wa jasi loyera,
dzina lake Tisauke,
anagogoda dzino lililonse. Panalibe lobooka.
Anaika zala zake kutsogolo kwa makutu anga:
Tsegulani pang'onopang'ono. Mwamva?
Ndi mfundo iyi. Yatopa, mayi.
Simuipatsa Sabata.

Sanandipatse zambiri.
Timapiritsi ta masiku ochepa, ndi mawu awa:
muzithowa ndi chofunda,
milomo igundane koma mano asagundane,
lilime ligone kumwamba, kuseri kwa mano.
Ndinatuluka ndikunyinyirika.
Kufola m'mawa wonse, kuti andiphunzitse kutseka pakamwa?

Komabe ndine telala.
Pa zotsala za chitenje cha a Mbewe chija
ndinasoka kapilo ka mapini, kovala pamkono,
ndi kathumba ka mpunga waiwisi
kamene ndimafunditsa pa simbi ikatha ntchito,
n'kukakanikiza patsaya mpaka kutentha kulowe.
Ndinagula kasizasi kakang'ono, ndinakamangira chingwe m'khosi.
Nthochi, mapeyala, maungu, mbatata yofewa:
milungu isanu ndinadya ngati khanda.
Wa nzimbe akadutsa ndi njinga yake, ndimayang'ana ku Kanjala
ngati paphiripo pali wondiitana.

Chovuta sichinali chakudya.
Chovuta n'kudzigwira masana, pakati pa mpendero,
mano atamangana popanda wondilamula,
n'kuwauza: masukani, palibe chikuthawa.
Tsiku lina ndinauza mayi wina pamaso
kuti ngongole yake yakalamba.
Usiku umenewo, ati, khoswe sanabwere.

Sindinena kuti ndachira.
Mwezi ukamatha chitseko chimatupabe,
ndipo chisanu cha Juni chimadziwa adiresi.
Poyasamula ndimachirikiza chibwano ndi nkhonya
ngati munthu woganiza zakuya.

Dzulo Zelipa anandipeza ndikuseka ndi pakamwa ponse.
Anasendeza khutu lake pa langa:
Amama, chitaninso.
Ndinatsegula pang'onopang'ono, zala zitatu zinalowa.
Tinamvetsera tonse awiri.
Kunangomveka belu la njinga kumsewu,
ndi simbi ikuzizira pathebulo.