Muyeso wa Mphuno

Ine sindilawa.
Abwana amadziwa, a shehe a kwa Mpondasi amadziwanso,
ngakhale iwo amayamba atsokomola asanandipatse moni.

Ndimayamba ndi ndimu.
Osati wobiriwira, wouma mtima uja,
koma amene wagona masiku atatu m'dengu la Abiti Jafali
mpaka khungu kupyapyala.
Ndimamugudubuza pathebulo ndi chikhatho,
ndimucheke, ndipake pamlomo pa tambula,
tambulayo iwerame m'mbale ya shuga.

Burande toti ziwiri.
Wa malalanje uja toti imodzi,
botolo lake timabisa kuseri kwa wailesi.
Madzi a ndimu asadzaze toti.
Apa ndi pomwe malemu Che Twaibu ankandikwapula ndi kansalu kopukutira:
"Ukawonjeza, mlendo akwinya nkhope ngati wakumana ndi wangongole."

Ayezi ndiye mlandu.
Magetsi anazima mbandakucha, ndipo Okutobala wa pa Boma sachita nthabwala,
choncho ndimakhutchumula msanga, khutchu khutchu khutchu,
mpaka chitini chilume zala.

Mayi Nanthambwe, namwino wa usiku,
akhala pampando wa pakona, nsapato atavula.
Apsontha kamodzi. Atsinzina.
"Iwe Jawadu, umadziwa bwanji osalawa?"

Ndiloza mphuno, iwo aseka.
Sindiwauza kuti ndikawoloka mlatho pa kabaza
ndimakasamba m'manja kawiri ndi sopo wochapira,
koma Asiyatu wanga amagwirabe zala zanga, kununkhiza,
n'kufunsa maso ali m'thumba:
"Ababa, malalanje aja mwadyera kunjira?"