Mphindi khumi pa Ngabu

Miyezi itatu ndayenda ngati ndafunda linthumbu m'chitenje.
Azakhali anati ndi mauka amenewo,
anatulutsa lezala ndi khungwa lowawa.
Ndinati dikirani thonje ligulidwe kaye.
Thonje litagulidwa sindinabwerere kwa iwo,
ndinakwera kabaza pa Miseu Folo,
kukhala chammbali pa kaliyala, mano ndili gwa.

Nesi wake ndi mwana, pachifuwa palembedwa Esinala.
Sanatseke mphuno.
Chimenecho ndinachiona.

Anang'amba pepala, m'kati kamtengo, kunsonga thonje.
Ndinatsala pang'ono kuseka.
Mwina ndi lomwe ndinathyola ndekha dzuwa likuswa mtengo,
lapita kutali, labwera litasamba,
lero likandifunse kumene sindilola munthu kufunsa.

Anatakasa m'kabotolo, naviika kapepala kowonda ngati tsamba la bango.
Mphindi khumi, mayi.

Malata akuthetheka. Fani anafa kalekale.
Panja mbuzi ikulimbana ndi katoni pansi pa nimu.
Ndikuwerenga sopo amene ndatha,
maliro awiri amene ndinakhala kumapeto kwa mphasa
kuti mphepo isandiulule,
usiku umene ndinanama kuti ndili kumwezi.
Zonsezo, ati, zikwana m'mphindi khumi,
nthawi yosakwana n'kuwiritsa mbatata.

Mzere umodzi.
Kenako wina, wotuwa, wobwera mwamanyazi
ngati mkamwini wofika mochedwa kumunda.

Ndi kachilombo kosambira, anatero Esinala,
maso sangakaone, koma mapilitsi amakapeza.
Palibe chodula apa. Lezala akametere ana.
Ndinapuma mpweya umene ndinausunga chikolole mapira.

Kenako anatulutsa kapepala kachiwiri.
Aka n'ka bambo. Nawonso amwe.
Amuna ambiri samva n'kuyabwa komwe.

Zuze amadula nzimbe ku Nchalo.
Amabwera mwezi ukatha, mwaye uli m'makutu,
shuga pang'ono m'jumbo, nsapato za mwana.
Ndinafunsa motsitsa mawu: ndiye anayamba ndani?
Iye anakweza kapepala kowonda kaja:
aka sikadziwa mayina, mayi,
sikawerenganso miyezi.
Kamangoti alipo, kapena palibe.

Ndiye mlandu ulibe mboni,
uli ndi mankhwala okha.

Ndamwa oyamba pa mjigo wa chipatala, madzi a mchere,
kuwawa kwatsala kukhosi ngati ndatafuna ndalama yachitsulo.
Kapepala ka Zuze ndakamanga pa mfundo ya chitenje
pamodzi ndi chenji.

Wakabaza akupalasa, fumbi likutitsatira.
Ine ndikuyeseza mawu.
Ndikati "mwandipatsa," mbale ziuluka.
Ndikati "ndakupatsani," ndanama, kapena sindinaname, kaya.
Pofika pa mlambe wobooka ndapeza oti "tili nako."
Ndi aafupi, akwana pakamwa.

Loweruka akubwera.
Ndiyala mphasa ziwiri, sabata yathunthu,
kapu ya madzi pakati.