Kukhuta kwa m'Kabotolo

Dokotala wa pa boma la Ntcheu,
mnyamata woonda ngati mpini wa khasu,
anandikweza pa sikelo ngati thumba la kachewere.
Anayang'ana nambala, nayang'ana mawondo anga.
Mayi Nanzunga, anatero,
miyendo iwiriyi yasenza katundu wa anthu awiri.
Bipi yakwera, shuga akugogoda pakhomo.
Kenako analemba kapepala,
zilembo ngati mapazi a nkhuku pamatope:
kamodzi m'mawa, mubwerenso mwezi ukatha.

Ku famase ndinasiyako phindu la sabata ziwiri.
Kabotolo kake kochepa,
kokwana m'mfundo ya chitenje pomwe ndimamanga chenje.

Zaka makumi awiri ndakazinga mandasi pa Lizulu,
pakati pa milu ya kabichi ndi makondakitala olalata.
Loyamba kutuluka m'mafuta linali langa,
lopserera linali langa,
lotsala madzulo, ndani akanalitaya?
Lero ndimawatembenuza ngati miyala ya eni.
Fungo limafika pamphuno, n'kubwerera
ngati mlendo wapeza loko pachitseko.

M'kamwa mwauma ngati dambo la Okutobala.
Usiku mtima umathamanga wokha
pomwe ine ndagona chagada, maso pamalata,
kuwerenga malole otsika ku Dedza.
Ndinakamuuza. Anachepetsa mlingo,
nati madzi, mayi, madzi, ndipo muziyenda.

Chimene sindinamuuze n'chakuti njala ndimaidziwa nkhope.
Chaka chija tinafukula zitsa za nthochi
ndinagona pamzere wa madeya masiku atatu.
Amayi ankamanga mpango pamimba
kuti m'katimo mukhale chete,
ndipo Gelevazio, mlongo wanga wotsiriza,
sanadikire chimanga chachiwisi.
Titamuika ndinalumbira chamumtima
kuti mbale yanga sidzaonekanso pansi pake.
Lumbirolo ndinalisunga.
Linakhala m'chiuno, m'mikono, m'khosi,
mpaka apongozi ankandiloza monyadira:
onani mmene mwana wathu amasamalira mkazi.

Tsopano ndikulipira ndalama
kuti andiphere chimene kale chinkatipha ulere.
Gelevazio akanaseka mpaka kutsokomola.

Pamsika maso sagona.
Esinta wa tomato wandiyeza kale ndi diso:
Nanzunga akutha, kodi wayamba kulandira?
Ena akuti bambo apeza wina ku Tsangano.
Ena akuti ndi ngongole za banki m'khonde.
Palibe amene angakhulupirire
kuti munthu angaonde mwadala,
atagula yekha, ndi siginecha ya dokotala.
Ndimangokokera bulauzi ya Mvano
yomwe yayamba kundilendewera m'mapewa,
n'kuwafunsa kuti mandasi angati.

Dzulo mdzukulu wanga Tiyesenji
anaona nyemba zatsala m'mbale mwanga.
Agogo, mwakwiya?
Ayi, ndakhuta.
Sindinaname, koma mawuwo anandilemera pakamwa,
kukhuta kopanda chotsuka m'manja,
kopanda kugeya, kopanda zikomo kwa wophika.
Anakoka mbale n'kumaliza yekha,
ine n'kumayang'ana kakhosi kake kakumeza
ngati munthu woonerera gule
amene kale ankavina yekha.

Komabe ndisabise:
Lachinayi ndinakwera kumunda wa kuphiri
osakhala pa mwala uja ndimapumirapo.
Ndinaudutsa, ndinaupatsa moni,
ndipo mawondo sanatukwane.

Mwezi utatha sikelo inabweza makilo anayi.
Mnyamata uja anamwetulira ngati wakolola ndi iye.
Ndinamufunsa:
mapiritsiwa akadzatha,
njala idzakumbukira njira ya kwathu?
Anatseka cholembera, nandiyang'ana nthawi yaitali.
Siinachoke, mayi. Yangogona.
Tikufuna ikadzadzuka
idzapeze mwaphunzira kukhala nayo.

Ndinatuluka kunja kukuwomba mphepo ya Juni.
Pageti mtsikana ankawotcha chimanga.
Ndinagula chimodzi,
ndinadya mizere iwiri pang'onopang'ono,
chotsalacho ndinakulunga m'mpango.