Mizere Iwiri ndi Theka

Pakhomo Mayi Nampuntha andilanda bolopeni,
andipatsa pensulo yolumidwa kumutu.
Chikwama siyani apo, atero. Lembani dzina, tsiku,
ndi chimene mukufuna.
Danga la chimene ndikufuna likulingana ndi chikhadabo.
Ndalemba: mlatho.

Kunja nkhungu yatsetsereka m'phiri,
anyani akuyenda pamalata ngati eni nyumba.
Muno mukununkha fumbi ndi mankhwala a njenjete.

Kwathu kwa Jali nkhaniyi aliyense amaidziwa:
kuti bambo anga, Yotamu Kambwiri,
anapalasa njinga m'bandakucha,
jekete yobwereka ataimanga pakaliyala,
nakaima pamaso pa komiti ya khonsolo
ola lathunthu osameza malovu.
Azakhali amati kalaliki analeka kulemba, kukamwa yasa.
Amalume amati wapampando anapukuta maso.
Chaka ndi chaka ola lija limatalika.

Ndayamba ndi mabuku a Nyumba ya Malamulo,
akuda, olemera ngati njerwa zonyowa.
Muli aphungu akuthokozana masamba atatu
asanafike pa funso.
Muli nduna ikuti boma likuganizira,
tsamba lina ikuganizirabe,
buku la chaka chotsatira sinamalize kuganiza.
Ngakhale kuseka anakulemba, m'mikutiramawu.
Ndani anaseka, sananene.
Likangala ndamupeza kamodzi,
atamulemba molakwika.

Tsiku lachiwiri ndadya chinangwa chokazinga pansi pa mkungudza,
zala zakuda bii, ndikuwerenga ndalama ya minibasi.

Lachitatu Mayi Nampuntha abwera ndi bokosi pachifuwa
monga anyamulira mwana wa eni.
Za makomiti izi, atero. Musanyowetse chala.
Chingwe chamangidwa mfundo ya munthu amene anafa kale.
Phini wadzimbiri wasiya chilonda pangodya ya pepala lililonse.
Komiti ya misika. Komiti ya zimbudzi.
Komiti ya misewu ndi milatho.
Amene analipo. Amene anapepesa.
Makina otayipira anali ndi chilembo chimodzi chodumpha,
ndayamba kuchizolowera ngati kutsimphina kwa mnansi.

Ndiye nayi, nambala khumi ndi zinayi,
m'Chingerezi chimene bambo sanachilankhulepo:
munthu wina wa kwa Jali anadandaula
za kuwoloka mtsinje nthawi ya dzinja.
Komiti inamva. Nkhani yasiyidwa kaye.

Mizere iwiri ndi theka.
Munthu wina.

Nambala khumi ndi zisanu ndi ya makapu a tiyi osweka,
yatenga theka la tsamba,
ndipo anavota.

Ndayang'ana kuseri kwa pepala
ngati kuti mawu angathawire kumeneko.
Mayina a ana atatu amene madzi anatenga,
amene amati bambo anawatchula mmodzimmodzi
mpaka chipinda chinati zii,
mulibe.
Pali kabowo ka njenjete pafupi ndi liwu loti dzinja.
Ndasuzumiramo. Ndaona tebulo.

Komabe ndagwira tsambalo nthawi yaitali.
Anabweradi. Tsiku ndi ili, Lachinayi.
Anaima penapake m'tauni muno, thukuta m'jekete ya eni,
ndipo munthu wa taipi anakakamizika kumenya zilembo
chifukwa cha iwo.

Mwapeza? afunsa Mayi Nampuntha, makiyi ali m'manja.
Ndati ndapeza pang'ono.
Ambiri sapeza n'komwe, atero,
nandilembera lisiti la fotokope.

Madzulo ndatsika pa Jali, pepala lili m'malaya kuopa mvula.
Azakhali akhala pakhonde, maso awo anachita ng'ala kalekale.
Alisisita, alinunkhiza, alitembenuza chadodolido.
Tsamba lonseli? afunsa. Zonsezi ndi za achimwene?
Werenga, mwanawe, usadumphe.

Ndakonza kukhosi.
Kutsidya mtsinje ukulira, wadzaza.
Ndayamba ndi mayina a ana aja.