Chipika Chimene Chinakana

Bambo anali amanzere.
Mpini wa nkhwangwa yawo unazolowera dzanja limenelo,
unasalala mbali imodzi, unada ndi thukuta,
ndipo ine ndikaugwira umanditerereka
ngati ukufunsa kuti ndine mwana wa yani.

Ogasiti yense ankadzuka tambala asanabwereze,
kudutsa Naisi, kukwera mpaka kumene paini amayambira,
chiphaso cha ku folesitale atachipinda kanayi m'chipewa.
Potsika, chipika paphewa,
zala za kumapazi zikufufuza miyala,
nkhungu ya m'phiri itawatsalira m'ndevu.

Madzulo mudzi unkadziwa kuti a Nakoma abwera:
khaa! kenaka chete,
khaa! kenaka kutsokomola.
Bulugamu umuwaze akadali wamuwisi, ankatero,
akauma amaumitsanso mtima.
Paini ndi wa tiyi wam'mawa, amapsa mtima msanga n'kuiwala.
Msuku usungire Januwale,
pamene denga lidontha ndipo nyemba zikana kupsa.

Kusanja sankalola munthu.
Miyala inayi pansi kuti chiswe chidutse ndi njala,
khungwa kumwamba, mitu yonse kuloza kubwalo,
pamwamba lata lakale la ku khola
lopsinjidwa ndi njerwa ziwiri.
Mulu unafika m'khosi mwawo.
Anaumenya ndi chikhatho ngati msana wa ng'ombe:
izi zitifikitsa Epulo.

Anatisiya Novembala, mvula yoyamba isanagwe.

Usiku utatu amuna anakhala pabwalo mozungulira moto.
Kwaya inkafuna kuwala, adzukulu ankafuna madzi otentha,
kuseri miphika ya pamaliro sinatsike pamafuwa.
Aliyense wodutsa pakhonde ankasolola ziwiri, zitatu.
Mayi ankaona. Nkhuni za pamaliro saziwerenga.
Epulo yense anapsa Lachisanu lisanafike,
bambo anawothetsa anthu awo komaliza.

Chinatsala chimodzi,
chipika cha msuku chopotoka, cha mfundo ngati bondo,
cha mabala khumi ndi limodzi a nkhwangwa.
Chinawakana zaka ziwiri mpaka anachisandutsa mpando,
nkumati, ichi chili ndi tsiku lake.

Ine ndine telala ku Chinamwali.
Manja anga amadziwa sizasi ndi choko.
Disembala, mitambo itaunjikana pamwamba pa Chawe,
ndinavula malaya, ndinalavulira m'manja monga ndinkaonera,
ndinamenya pakati penipeni.
Nkhwangwa inadumpha. Nkhuku zinathawa.
Pofika kachisanu ndi chitatu matuza anali ataphulika
ndipo ana a kwa Mdoka anali atakhala pansi kuonerera.

Abiti Mdoka anatula mtolo wawo, nkhata ili pamutu:
mukulimbana nacho ngati chinakuberani.
Chitembenuzeni. Mtengo umanena wokha
pamene ukufuna kutsegukira.

Ndinagwada. Pansi pake, mbali imene inkagona padothi,
panali mng'alu wopyapyala ngati ulusi wakuda.
Mabala onse a bambo anali kupendekera kumeneko,
kuchokera kumanzere.
Ndinasinthanitsa manja.
Mpini unakhala m'chikhatho ngati wafika kwawo.

Sichinalire n'komwe.
Chinangoti pwa, n'kugona mbali ziwiri.

Sindidziwa chimene ndinkayembekezera m'katimo.
Munali mouma, mofiirira,
fungo la phiri la zaka ziwiri zapitazo,
ndi nyerere zitatu zothamanga ndi mazira awo.

Madontho oyamba anayamba kugogoda lata lija.
Mayi anatuluka, anayang'ana, sananene kanthu.
Theka anapita nalo kukhitchini.
Theka linalo analikokera pakhonde,
pomwe linkakhala,
analipukuta ndi nsonga ya chitenje,
n'kukhalapo.