Njere za Masawu

Anandiphunzitsa ndi azakhali anga ku Makhanga
kulowetsa moto m'kamwa,
phulusa kuloza kummero,
kuti mphepo ya pa Shire isandibere utsi ndikamachapa.
Zaka makumi atatu za chingambwe cha m'khoko la chimanga,
palibe anauonapo moto wanga.

Zuze ndiye ankasuta poyera,
ali chiimire m'bwato ngati dambo lonse ndi lake.
Chifuwa chitamugwetsa,
adokotala ku Nsanje anakweza chithunzi pawindo:
nthiti zake, pakati pali mtambo.
Anaseka. Jowakina, mvula tinkaidikira ija ili muno.
Kenako anandigwira mkono, akuti tisiye tonse awiri.
Ndinavomera chifukwa anamwino ankandiyang'ana.

Tinkawerenga ndi njere za masawu.
Tsiku lopanda fodya, njere imodzi m'chitini.
Zitini ziwiri pansi pa bedi, chake ndi changa,
m'mawa uliwonse kho, kho.
Chake chinalekera pa makumi anayi ndi imodzi.

Usiku wa maliro amuna anasonkha moto panja,
fungo la fodya wawo linalowa m'siwa osaodira.
Ndinaluma chitenje mpaka chinabooka.
Amayi amati, taonani chikondi,
osadziwa kuti ndikulira zinthu ziwiri.
Koma sindinasute.

Ndinagwa Lachiwiri wamba,
kopanda nyimbo, kopanda wondigwira phewa.
Ndinkafuna kupatsa mlamu wanga jekete la malemu,
ndipo m'thumba munali kachidutswa,
kothimitsidwa pakati,
mano ake akuonekabe pamene ankaluma.
Anandinamiza, kapena anangoiwala?
Ndinapita kuseri kwa uvuni wa nsomba
ndi kuika milomo yanga pomwe panali yake.

Sabata yathunthu ndinasuta ngati ndikubweza ngongole.
Chitini ndinakhuthulira kudzala,
njere makumi asanu ndi anayi, nkhuku n'kumazipalasa.

Minezhi, mwana wa mchemwali wanga, wa Sitandade sikisi,
anazitola zonse, zina zili ndi zitosi,
anazitsuka pamjigo, nandiikira pamwendo.
Akuti, mayi aang'ono, masamu sayenda choncho.
Masiku awa simunasute. Anachitika kale.
Ndani angawafufute?
Ndinamukalipira kuti alibe mwambo.
Usiku ndinazibwezera m'chitini, imodzi imodzi, kuti asamve.

Ndimawambabe milamba pa Bangula.
Utsi ndi ntchito yanga, umandilowa m'maso, m'tsitsi, m'ndalama.
Okutobala akafika, phula likamafewa pamsewu,
Nyamphinga wa benchi loyandikana amakulunga wake mosafulumira,
amanyambita khoko, n'kundiyang'ana cham'mbali:
ukakana, kodi Zuze adzuka?
Sadzuka.
Ndimathyola nzimbe, ndimatafuna mpaka nsagwada kuwawa,
makoko kuunjikana kumapazi kwanga ngati ndadyetsa mbuzi.

Madzi a Januwale anabwera usiku.
Anatenga mphasa, abakha, ukonde umene sindinagulitse,
ndi chitini cha Zuze.
Changa ndinachimangira kumsana ngati khanda,
madzi ali m'chiuno, chikulira kho-kho-kho mpaka kumtunda.
Kumsasa fodya ankayenda dzanja ndi dzanja kuposa ufa.
Ndinasutako kamodzi. Ndikunena, sindibisa.
Tsiku limenelo lilibe njere, basi.
Lotsatira lili nayo.

Tsopano ndimakwera chitunda cha kumjigo ndi ndowa osapumira.
Ndazindikira kuti thobwa la mapira limanunkhira,
kuti mchere ndinkauchulutsa zaka zonsezi
ndipo Zuze ankangodya, osanena kanthu.

Chilakolako sichinasamuke.
Chili ngati udzudzu wa kudambo,
chimadziwa pomwe neti inang'ambika.
Chabwera ndi usiku uno, kwatentha, tulo palibe.
Njere ya lero ndaifumbata, yanyowa ndi thukuta.
Sindiiponya msanga.
Ndidikira tambala wa kwa Nyamphinga alire kaye.