Mpini wa Tsache

Ndinakapeza m'khola la nkhuku ku Andrychów,
kafiyati ka mu 1984, kofiira ngati phwetekere wosapsetsa,
matayala atatu ataphwa, lachinayi kulibe,
katatsamira pa njerwa.
Mayi Genowefa anati, "Ka malemu amuna anga aka.
Chiwaikire m'manda sikanatsokomoleko."
Anatchula mazloty zikwi zinayi.
Ine ndinayala pa boneti zikwi ziwiri ndi mazana asanu ndi limodzi,
thukuta la miyezi khumi yophika buledi usiku.
Ananyowetsa chala, kuwerenga kawiri, nkuusa moyo:
"Tengani. Koma thadzi lili pampando wakumbuyolo si lanu."

Tinakakoka ndi chingwe mpaka ku Bielsko,
komwe kanabadwira.

Mchere umene amathira m'misewu nyengo yachisanu
unali utadya pansi ponse;
ndikakhala pachiwongolero
ndinkaona simenti ya galaja pakati pa mapazi anga.
Czesław wowotcherera anagogoda ndi sipanala, napukusa mutu,
nati, "Apa chagwira galimoto ndi penti."
Tinadula chitseko cha firiji yakufa kuti tiike chigamba.
Malipiro ake: mikate iwiri m'mawa uliwonse, yotentha,
mpaka chipale chitasungunuka.

Lamulungu lililonse ndinali pamsika wa zitsulo zakale,
manja m'thumba, kunenerera nyali yong'aluka
ngati sindikuifuna.
Mbedza zanga zophera nsomba zinapita.
Wotchi ya pa ukwati inatsala pang'ono.
Bogumiła sanakalipe ayi, anangoika patebulo
nsapato za mwana zoboola kuphazi,
pambali pa kabureta yomwe ndinkatsuka mu sufuriya yake.
Mwezi umenewo kabureta inadikira.
Mtengo wa mabuleki ndinamunamiza.
Anadziwa.

Pansi pa mpando ndinapezamo kope la a Tadeusz,
lolembedwa ndi pensulo, petulo yense wa zaka makumi atatu:
malita asanu ndi atatu, ku ubatizo;
malita khumi ndi awiri, kunyanja, ana anasanza;
malita anayi, mbatata.
Tsamba lomaliza: malita asanu, kuchipatala.
Obwerera sanalembe.

Loweruka lina mu Epulo ndinathira mafuta,
batire yobwereka, mtima uli phaphapha.
Ndinakoka kachitsulo kolizira pakati pa mipando,
waya nkuduka, thapu, m'manja mwanga.
Watsopano ndi mazloty makumi anayi. M'thumba munali asanu ndi awiri.
Czesław anaseka mpaka kutsamwa ndi fodya:
"Mwana iwe, bweretsa tsache!
Dziko lonse lino linkapita kuntchito ndi tsache."
Dobrawa, zaka zisanu ndi zinayi, anatambasula mwendo kuponda moto,
ine kumbuyo, chivundikiro cha injini chili yasa,
ndinalasa mpini m'kati mwa mdima ndi kukankha.

Kanadzuma.
Kanalavula utsi, nthenga ziwiri ndi chisa cha mbewa.
Kenako phu, phu, phuphuphu,
masilinda awiri okha, koma phokoso ngati chigayo,
mpaka Bogumiła anatsegula zenera
ali ndi chipande m'manja, akuyesetsa kubisa mano.

Penti sinakwane. Chitseko chakumanzere chikadali chotuwa.
Tinapita choncho ku Andrychów, atatu, mawondo kukhosi,
malole akutipitirira ndi mahutala.
Mayi Genowefa anali kale pachipata:
akuti anatimva tisanakhote pa tchalitchi.
Ndinawatsegulira chitseko, anakana kukwera.
Anangoika dzanja padenga, injini ikunjenjemera,
nthawi yaitali ndithu, osanena kanthu.

Ndinawapatsa kope lija. Analibweza.
"Masamba akadalimo," anatero.
Analowa m'nyumba, natuluka ndi mpini wa tsache,
wakuda ndi girisi, wosalala pogwirira, kunsonga kutaperepeseka.
"Wanuwo ngwautali, muthyola nawo nyali.
Uwu anaudula okha, pa muyeso."

Madzulo ndinanola pensulo.
Malita asanu ndi limodzi, ku Andrychów,
ndi kubwerera.